Ndevu Zachikasu

Mbewa ikagonekedwa ndi mankhwala siitseka maso. Marlys Rustad anali atazolowera zimenezi, pakuti anali atagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Komabe m'mawa uliwonse, asanailowetse mbewa m'makina, ankaipaka kamafuta m'maso kuti asaume, n'kuinong'oneza kuti, "Pepa, mwanawe, ola limodzi lokha." Akatero ankaigoneka chafufumimba pa kabedi kofunda, mphuno ili m'kapaipi ka mpweya wogonetsa, n'kuikankhira pang'onopang'ono m'dzenje la maginito.

Maginitowo anali chimgolo choyera chodzadza chipinda chonse, pansi pa nthaka, pa yunivesite ina ya ku Minnesota. Sankazimitsidwa, kaya ndi Lamulungu kaya ndi Khirisimasi, ndipo pampu yake inkangolira tsii, tsii, ngati anapiye osowa make. Wolowa m'menemo ankasiya makiyi, foni ndi mapini a m'tsitsi m'mbale ya pakhomo. Zenera munalibe. M'nyengo yachisanu Marlys ankatsikira kumeneko dzuwa lisanatuluke n'kukwera litalowa kale, moti anzake ankamuseka kuti dzuwa amangolimva pa wailesi.

Ntchito yake inali kuyeza zimene zili mu ubongo wa mbewa yamoyo popanda kuicheka. Chithunzi cha ubongo chikaoneka pa kompyuta, iye ankajambulapo kabokosi kochepa ngati kanjere ka mpunga, ndipo makina ankamvetsera za m'kabokosi mokhamo. Pakatha ola pankatuluka mzere wa timapiri, phiri lililonse likuimira chinthu chimodzi cha mu ubongo. Lalitali kuposa onse ankalitchula NAA. Limenelo ndi limene linkanena ngati ubongo udakali moyo. Ubongo ukamafota, phirilo limatsika.

Luso lonse linali pa kabokosiko. Pafupi ndi malo amene ankayezawo pali timaiwe tamadzi, ndipo matenda akamakula timaiweto timakulanso. Kabokosi kakangonyowetsa ngodya m'madzimo, phiri limaoneka lalifupi ngakhale ubongo uli bwino, chifukwa m'madzi mulibe choti makina amve. Ophunzira ankalira nako kabokosi kameneko. Koma Marlys, ha! Dokotala Pruitt, mayi amene ankatsogolera kafukufukuyo, ankauza alendo kuti maginito angagulidwe ena, koma dzanja la Marlys ndi limodzi lokha. Marlys akamva zimenezo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale kuti mumtima zinkamukomera ndithu.

Chaka chimenecho anali ndi mbewa zoyera makumi anayi, zobadwa ndi matenda a Huntington, otengera kwa makolo, amene amafotetsa ubongo. Theka zinkadya chiponde chosakaniza ndi mankhwala atsopano, theka linalo chiponde chokha. Lamulo la ntchitoyi ndi lakale ndipo aliyense amalidziwa: woyeza asadziwe mbewa imene ikumwa mankhwala. Amene ankadziwa anali Dewey Maki yekha, mdala wosamalira mbewa. Pepala la manambala linkakhala m'dirowa yake, kiyi ili m'khosi.

Koma Marlys matenda amenewa sanawaphunzire pa mbewa. Mwamuna wake, Orrin, amene kale ankayendetsa chigalimoto chokokolola chipale chofewa chogwa m'misewu nthawi yachisanu, tsopano anali ku nyumba yosamalira odwala, manja ndi miyendo zikungovina zokha, mawu atatha. Ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Signe, mphunzitsi wa nyimbo ku Duluth, anali atayezetsa magazi ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Anamuuza kuti nayenso ali nawo, angodikira tsiku. Kuchokera pamenepo Signe anakana zokhala ndi mwana. Ankati safuna kuti mwana adzamuone iye monga momwe iye anawaonera bambo ake.

Mu Novembala, Dokotala Pruitt anapempha pepala lija kwa Dewey, nadzitsekera mu ofesi theka la tsiku. Atatuluka anatsikira yekha kuchipinda cha maginito, ataiwala ngakhale kuvula wotchi.

"Wotchiyo, a dokotala!" anakuwa Marlys. "Mukufuna kutiphera makina?"

"Isiyeni iwonongeke. Taonani ichi."

Papepalapo panali mizere iwiri. Wina unkatsika mwezi ndi mwezi monga mwa nthawi zonse. Winawo unali utaima chilili. Mbewa za mankhwala phiri lawo silinkatsika.

Marlys anakhala pansi. Zaka zonsezo anali ataona mankhwala khumi ndi atatu akulephera, ndipo anali atasiya kuyembekezera. Tsiku limenelo analira, Dokotala Pruitt atamugwira paphewa.

"Koma pakamwa potseka, Marlys," anatero dokotalayo. "Izi ndi mbewa. Kuti zifike kwa anthu ndi ulendo wautali. Musauze munthu."

Anavomera ndithu. Koma mayi angasunge bwanji chinthu chotere? Pa chikondwerero cha kuthokoza, kumapeto kwa mwezi womwewo, akutsuka mbale ndi Signe, nkhukundembo itatsala mafupa okhaokha, mawu anangotuluka okha. Signe anazimitsa mpopi, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, musandiseweretse."

"Ndaona ndi maso angawa. Dzanja langali ndi limene layeza."

"Ndiye kuti pofika nthawi yanga..."

"Uli ndi zaka makumi atatu ndi zitatu. Bambo ako anayamba ali ndi makumi anayi ndi zisanu. Nthawi ilipo, mwanangu."

Mu Januwale Signe anaimba foni, mawu ake ali mwaa ngati a kamtsikana. Anati iye ndi mwamuna wake Tobias aganizanso za mwana. Madokotala angathe kusankha mbewu yopanda matendawo, zimenezo ankazidziwa kale. Chimene chinkamuletsa chinali iye mwini, kuti adzadwala mwana akadali wamng'ono. Koma ngati mankhwala akubwera, bwanji osayesa? Anali atalembetsa kale kuchipatala kuti akayambe mu Epulo. Marlys anayenda sabata yonseyo ngati wamwa vinyo.

Zinthu zinasokonekera Lolemba lina la mu Febuluwale. Kunja chipale chinali chitafika m'mawondo. Dewey anatulukira ndi kangolo kake, makola awiri ali pamwamba, akupukuta mphuno yofiira.

"Mwadzuka bwanji, mfumukazi ya kudzenje?"

"Tadzuka, a Dewey. Mwachedwanso. Kodi mumayamba mwazifunsa maloto mbewazo?"

"Ndimayamba ndazilapitsa. Nanga si zikubwera m'manja mwanu? Ndikupatseni iti poyamba, seventini kapena twente-thuu?"

Marlys maso anali pa kompyuta. Anali atatopa, chifukwa dzulo lake Orrin anatsamwa ndi phala ndipo anamwino anamuitana mwadzidzidzi. Anayankha osaganiza.

"Ndipatseni ya mankhwalayo kaye, mutu udakali bwino. Inayo ndiithamangitsa masana."

Kangolo kanasiya kulira. Munangotsala tsii, tsii wa pampu.

"Iti, a Marlys?"

"Ya ndevu zachikasuyo, nanga..." Anadukiza. Anatembenuka pang'onopang'ono.

Dewey anagwira kiyi ya m'khosi mwake ngati akufuna kutsimikiza kuti ilipo. "Pepala lija sindinaonetse munthu, kupatula a dokotala. Mwadziwa bwanji?"

"Simunandiuze inu. Mankhwalawo ndi achikasu. Zikamadya chiponde zimatsala nawo kunsonga kwa ndevu, pang'ono pokha. Mpaka uziyang'ane pansi pa nyale yanga ija popaka mafuta m'maso."

Dewey anatulutsa mbewa ija, naiyandikiza ku nyale, natsinzina diso limodzi. "Mayo ine! Miyezi isanu ndi umodzi ndikuzidyetsa, maso a nkhalambawa osaona. Inu munaona liti?"

"Mu Seputembala."

"Seputembala! Osanena?"

"Ndikanene chiyani? Sizisintha kanthu. Makina ndi makina, sadziwa ndevu."

"Makina sadziwa, zoona. Nanga dzanja?" Dewey anabweza mbewa m'khola mosamala. "Mwati inayo muithamangitsa masana. Mwanena ndinu, osati ine."

Apa Marlys magazi anamukwera kumutu. Munthu akagwidwa pachilonda salankhula zanzeru.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndili pampando uno! Inu ntchito yanu ndi kukolopa manyi a mbewa, lero mundiphunzitse kuika kabokosi?"

Dewey anavala chipewa chake, nagwira kangolo. "Chabwino, mayi. Wa manyi wapita. Zonse ziwiri ndazisiya pamenepo, muyambe imene mtima wanu wakonda."

Tsiku limenelo Marlys anayeza mbewa ziwirizo. Masana, m'malo mokadya, anatsegula zolembedwa zakale. Kompyuta siiwala. Imasunga chithunzi cha pamene kabokosi kanakhala, nthawi imene unayamba kukaika, ndi nthawi imene unamaliza. Manambala a mbewa za ndevu zachikasu ankawadziwa pamtima, ngakhale anali asanadzivomereze yekha kuti akuwadziwa. Anaziika mbali imodzi, zinazo mbali ina.

Koma abale! Za ndevu zachikasu ankatha nazo mphindi makumi awiri, mwina makumi awiri ndi zisanu, akusuntha kabokosi uku ndi uku mpaka katakhala pouma bwinobwino. Mzere ukatuluka wosakongola ankabwereza, kawiri ngakhale katatu. Zinazo, mphindi zisanu, zisanu ndi imodzi, basi. Sikuti ankaziyeza moipa ayi. Wophunzira akanaika chonchija bwenzi atamuyamikira. Kungoti kangodya kamodzi kankakhudza madzi, pang'ono ngati tsitsi limodzi. Mbewa iyi pang'ono, iyo pang'ono, mwezi uno pang'ono, ndipo nthawi zonse mbali imodzimodziyo.

Anakhala akuyang'ana zithunzizo mpaka khofi wake anazizira. Sanabe, sananame, sanasinthe nambala ngakhale imodzi. Anangozikonda mbewa zina kuposa zinzake. Anachita manyazi, kenako mantha, chifukwa anakumbukira Signe.

Akanatha kukhala chete. Dewey sanali munthu wa kazitape, akanangosiya kumuseka basi. Mwinanso mankhwalawo ankagwiradi ntchito, dzanja lake linangowonjezerapo pang'ono. Ndani angadziwe? Anazitembenuza chonchi masiku atatu, akuyendetsa galimoto, akutsuka mano, akudikira makina.

Lachinayi anaweruka msanga napita kwa Orrin. Anamupeza pa mpando wake pafupi ndi zenera, atamumangirira malamba ofewa kuti asagwe. Mutu unkagwedezeka, mapewa akukwera ndi kutsika. Munthu amene kale ankanyamula Signe ndi dzanja limodzi tsopano anali mafupa okhaokha m'juzi.

"Bambo a Signe, ndabwera. Lero akupatsani chiyani? Maapozi opota? Tsegulani pakamwa."

Anamudyetsa ndi kasupuni kakang'ono, akudikira kuti ameze, akupukuta chibwano. Dzanja la Orrin linamenya mbale, iye n'kuigwira isanagwe. Ndipo anakumbukira mmene zinayambira. Orrin anayamba kukhalira manja ake. Pa tebulo, kutchalitchi, poonera masewero a ana, ankalowetsa manja pansi pa ntchafu ngati munthu wozizidwa. Marlys anaona tsiku loyamba lomwelo, nanga si kuona tinthu ting'onoting'ono ndiyo inali ntchito yake? Koma Orrin anati ndi kutopa, iyenso anati inde ndi kutopa. Ananamizana chonchi zaka zinayi, mwachikondi ndithu, mpaka tsiku limene chigalimoto chija chinakalowa mumpanda wa sukulu. Mwayi wake ana anali m'kalasi.

"Ndachitanso, a Orrin," anatero motsitsa. "Zomwe zija ndachitanso."

Orrin anamuyang'ana. Kaya anamva, kaya sanamve, maso ake sankanenanso kanthu. Marlys anamupukuta pakamwa namaliza kumudyetsa.

M'mawa mwake anagogoda kwa Dokotala Pruitt, zithunzi zili m'manja. Anafotokoza zonse ali chiimire, kuyambira pa ndevu mpaka pa mphindi. Dokotalayo anavula magalasi, nawaika pa tebulo, nayang'ana khoma. Nkhani yoti atumize kwa akatswiri anzake inali itatsala pang'ono kutha kulembedwa.

"Khalani pansi, Marlys."

"Ndiima."

"Bwanji simunanene mu Seputembala muja? Tikanangosintha chiponde, nkhani n'kutha."

"Ndinkaganiza kuti dzanja langa silingandipusitse."

"Inenso ndinkaganiza choncho. Ndi chifukwa chake sindinayang'ane pambuyo panu ngakhale kamodzi." Anapuma mozama. "Mwauzapo munthu za zotsatira zija?"

Marlys anaweramitsa mutu. "Signe."

"Ayi, Marlys. Ayi, ayi." Dokotalayo anaphimba nkhope ndi manja. Ankamudziwa Signe kuyambira ali kamwana kobwera kudzajambula zithunzi pansi pa tebulo la amayi ake. Sanakalipe, ndipo Marlys akanakonda akanakalipa.

Panatsala njira imodzi: kuyezanso zonse, woyeza asakudziwa. Koma ndani? Ophunzira sakanatha kuika kabokosi mu ubongo wofota chonchija. Ndipo manambala Marlys ankawadziwa. Amene anabweretsa nzeru anali Dewey. Anafika masana omwewo ndi kabotolo ka utoto wachikasu wothira m'makeke, nakaika pa tebulo la Marlys, gwa.

"Wa manyi wabwera ndi maganizo," anatero, osamuyang'ana. "Ndithira uwu m'chiponde chonse. Pofika Lolemba zonse zikhala ndi ndevu ngati za ansembe a kwathu. Manambala ndiphimba ndi pulasitala, ndizipatsa mayina ena. Mukazidziwanso pamenepo, ndiye kuti ndinu mfiti."

"A Dewey, pakamwa panga panandilakwitsa tsiku lija. Pepani."

"Aa, zisiyeni. Manyiwo ndimakolopadi, simunaname." Anakanda m'mutu. "Ine ndinkapemphera kuti ndikhale wolakwa ndine. Mpaka pano ndikupemphera."

Anayeza masabata awiri. Mbewa zinali zitatsala makumi atatu ndi zinayi, zina zitafa kale. Iliyonse inkabwera ndi ndevu zachikasu, ikunjenjemera m'dzanja lake, miyendo yakumbuyo ikukokana. Popeza iliyonse ikanatha kukhala ya mankhwala, Marlys anaipatsa iliyonse mphindi zake makumi awiri ndi zisanu. Anasuntha kabokosi mpaka maso kuwawa, khosi kuuma. Sanagwirepo ntchito yabwino chonchi moyo wake wonse.

Lachisanu lomaliza Dewey anavula kiyi m'khosi napereka pepala. Anakhala atatu mu ofesi ya Dokotala Pruitt, kompyuta ikuwerengera. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Mizere iwiri ija inatuluka itagonerana, wina pamwamba pa unzake, yonse ikutsetsereka limodzi. Ukanati ndi mzere umodzi.

"Basi," anatero Dewey, navala chipewa. Pakhomo anaima. "Ndikazipatse chiponde chenicheni lero. Chopanda kanthu." Anatuluka akufwenthera.

"Ntchito yanu ilipobe," anatero Dokotala Pruitt. "Tidzasintha kachitidwe, kabokosi kazidzaonedwa ndi anthu awiri. Lolemba mubwere."

Marlys anangogwedeza mutu. Za ntchito sizinali m'maganizo mwake n'komwe. Epulo anali atatsala milungu itatu.

Loweruka m'mawa anauyamba wa ku Duluth. Msewu unali ndi matope a chipale ndi mchere umene amathira kuti chisungunuke, mitengo ili mbuu mbali zonse. Maola atatu amenewo anakonza mawu, nawaphwasula, nakonzanso. Pena ankati angonena kuti zotsatira zachepa mphamvu pang'ono, kafukufuku akupitirira. Limenelo silikanakhala bodza lenileni. Pena ankati adikire mpaka Signe atakhala ndi pakati, nanga mdzukulu si mdzukulu? Anadzigwira akuganiza zimenezo, nadzitukwana mokweza m'galimoto muli yekha.

Signe anamulandira pakhomo atavala juzi lalikulu la Tobias. Mwamunayo anali atapita kukawedza pa madzi oundana ndi anzake.

"Amayi! Osaimba foni bwanji? Mukanandipeza ndili m'bafa. Abambo ali bwino?"

"Ali momwemo. Ndinangokusowa."

"Inu kundisowa mpaka kuyendetsa maola atatu? Lowani, mukuzizidwa. Ndaphika mabanzi a sinamoni, koma apserera pansi, musandiseke."

Kukhitchini kunali kofunda. Pa firiji panali kalata ya kuchipatala, tsiku la mu Epulo atalizunguliza ndi cholembera chofiira. Signe ankalankhula osapuma. Za ana a kwaya amene sadziwa kusiyanitsa kuimba ndi kukuwa, za kachipinda kosungiramo katundu kamene Tobias wayamba kukonza, za mayina.

"Tobias akuti akakhala wamwamuna akhale Orrin. Ine ndati dikira kaye, munthu sagula mbereko mwana asanabadwe. Koma Amayi, akumwetulira ngati chitsiru masiku ano, mpaka ndikuchita naye manyazi."

Anatenga ketulo nathira khofi. Khofi wina anatayikira m'mbale ya kapu, pang'ono pokha. Signe anaseka, napukuta ndi kansalu. Kenako anakhala pa mpando, nalowetsa dzanja lamanzere pansi pa ntchafu.

Marlys anaona. Anayang'ana kapu yake, nayang'ana zenera, nayang'ana mabanzi. Mtima unayamba kale ntchito yake: mwana wazizidwa, mpando ndi wolimba, aliyense amataya khofi. Anaumva mtimawo ukusuntha kabokosi.

"Signe, tandimvera. Ndabwera ndi nkhani, ndipo si yabwino."

"Abambo?"

"Ayi. Mbewa zija."

Anamuuza zonse, osachotsapo kanthu. Za ndevu, za mphindi makumi awiri ndi zisanu, za utoto wa a Dewey, za mizere iwiri yogonerana. Ananena kuti wolakwa ndi iye, osati makina, osati a dokotala. Signe anamvetsera osaphethira. Nkhope yake inkachita ngati ikukalamba mayi ake akuona.

"Ndiye kuti palibe ngakhale pang'ono?"

"Palibe."

"Ngakhale imodzi yokha imene inachitako bwino?"

"Zonse zikutsika chimodzimodzi."

"Munati mwaona ndi maso anu, Amayi. Munati dzanja lanu."

"Ndinatero."

"Ine ndinali nditazolowera! Mukudziwa zimenezo? Zaka zisanu ndi zitatu ndinali nditazolowera, ndinali bwino, ndinkagona tulo. Inu n'kubwera kudzandidzutsa!" Mawu anamuthera. Anayang'ana kalata ya pa firiji ija. "Tobias ndikamuuza chiyani? Wagula kale matabwa a kabedi."

Madzi akatayika saoleka, ndipo kupepesa pamenepo kukanangokhala phokoso. Firiji inkang'ung'udza, khofi akuzizira. Panja mnansi wina ankakokolola chipale pakhomo pake.

Kenako Signe anasolola dzanja lija pansi pa ntchafu, naliika pa tebulo pakati pa makapu awiriwo, chikhatho chili pansi. Onse awiri analiyang'ana. Linakhala bata kanthawi. Kenako chala cha mphete chinadumpha, chaching'ono n'kutsatira, ngati zikufuna kuimba piyano zokha. Zinaleka, n'kuyambanso.

"Nanga ili, Amayi? Mwaliona?"

"Ndaliona."

"Liti?"

"Pamene umathira khofi."

"Linayamba pa Khirisimasi. Ndinkati zilibe kanthu, poti mankhwala akubwera." Signe anakweza maso kwa amayi ake. "Tobias akuti ndi kutopa. Akuti ndikuimba piyano kwambiri, makonsati achuluka. Zikhoza kutheka, eti? Abambo anayamba mochedwa, munanena nokha. Inu mumazidziwa zinthu zimenezi kuposa aliyense."

Marlys anatsegula pakamwa. Mawu anali pafupi, okonzeka kale, omwe aja amene anamuuza Orrin zaka zinayi.

"Amayi, tangonenani kuti ndi kutopa."

Anatambasula dzanja lake naphimba la mwana wake. Analimva likugwedezeka pansi pa chikhatho, lofunda, losamvera mwini wake. Kugwedezeka kumeneko ankakudziwa bwino, ankakugwira m'mawa uliwonse.

"Si kutopa, mwanangu. Lolemba ndikuperekeza kwa dokotala."

Signe anagwetsa mutu pa tebulo, mapewa akugwedezeka ndi kulira. Marlys anasendeza mpando, namukumbatira, dzanja lija osalisiya.

"Pepa, mwanawe," ananong'ona.

Pakamwa panafuna kupitiriza monga panazolowera, kuti ola limodzi lokha. Anatseka milomo, nangomugwira.